Chaka chimene tinadikira chilala

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe. Musandifunse chimene amachita kwenikweni, wandifotokozera kambirimbiri koma zimangondidutsa. Ulendo wapitawu atabwera kudzandiona, tinakhala pakhonde tikusenda mbatatesi, iye n'kuyamba kundiuza za makompyuta amene amadziphunzitsa okha. Akuti amawerenga pa intaneti, kuja anthu a dziko lonse amalembako zawo, ndipo sapuma, chaka chimatha china n'kuyamba iwo akungowerenga. Palibe amene amakhala pambali n'kumawauza kuti ichi n'chakuti. Akapeza penapake palembedwa kuti "mapiri monga Chongoni", basi aphunzira kuti Chongoni ndi phiri, n'kupitirira kukafuna china. Chinthu akachipeza m'malo ambiri amachigwiritsitsa kuti n'choona.

"Nanga ngati olembawo anangokoperana zolakwika?" ndinamufunsa.

"Pamenepo ndiye pamavuta, amayi," anatero. "Cholakwika chikalowa chimakoka zinzake. Pamafunika munthu woti azibwera kudzawauza kuti apa mwasokera."

Ndinaika mpeni pansi. "Iwe, za makina amenewo usandiuze ine. Ndinakwatiwa nawo. Ndi bambo ako amenewo."

Anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke kwenikweni. Chaka chimene ndikufuna kukambachi iye anali kusekondale yogonera komweko, ndipo zambiri sakuzidziwa.

Malemu amuna anga anali mphunzitsi wa pulayimale. Kwawo kunali cha ku Kabwazi. Nthawi yonse imene ankaphunzitsa tinkakhala m'nyumba za sukulu, lero kuno, zaka zingapo kwina, ndipo kulikonse ankapatsidwa mpando wakutsogolo. Atapuma ntchito tinabwera kwathu, m'munsi mwa phiri la Chongoni, pamene amayi anga anandisiyira munda. Kwathu kuno mwamuna amatsata mkazi. Munda ndi wa mkazi, ana ndi akuchikazi, ndipo pa nkhani za pamudzi wolankhula ndi mlongo wa mkaziyo. Mkamwini ntchito yake n'kulima, kufolera nyumba ndi kukhala chete. Munthu amene anazolowera kuti akatsokomola kalasi yonse izikhala zii anapezeka akukhala kumbuyo pamaliro, wopanda womufunsa maganizo. Sankadandaula, koma ndinkaona kuti zikuwadya.

Ndiye kunabwera matipate. Kale nyuzipepala inali yosowa kumudzi, ndipo ikafika palibe amene ankatsutsana nayo, ngakhale chamumtima tinkaopa. Itangodutsa riferendamu, manyuzipepala anamera ngati bowa. Ena ankatuluka miyezi yowerengeka n'kuzimirira, ena n'kubadwa. Aliyense ankalemba zake, kutukwana amene akufuna, kuulula zimene tinkangonong'onezana. Amuna anga anagweramo ndi mutu womwe.

Kugula onse sakanatha. Ankapempha kwa aphunzitsi anzawo, kwa ansembe, kwa makondakitala a mabasi, kwa aliyense wochokera kutauni. Koma ambiri ankachokera kumsika wa Linthipe, kumene ogulitsa amang'amba manyuzipepala akale n'kumakulungira usipa, mchere ndi zitumbuwa. Ndikabwera kumsika ankandichingamira panjira, anthu n'kumati koma banja ili ndi lachikondi. Chikondi chake chiti? Ankathamangira mapepala. Usipa ankaukhuthulira m'mbale mosasamala, pepala n'kuliwongola pabondo bwinobwino, kuliyanika pamwala, n'kuliwerenga mbali zonse ziwiri, ngakhale nkhani yoduka mutu ndi mchira. Nyumba yathu inkanunkha nsomba chaka chonse. Pakona ya kuchipinda panali mulu wofika m'chiuno, makoswe akuberekeranamo, koma kutengapo limodzi kuti ndikolezere moto unali mlandu.

Ndipo sankaiwala. Zimene awerenga zinkakhala m'mutu mwawo mpaka kalekale. Ankadziwa mizinda ya maiko amene sitidzawaona, matenda a ng'ombe za kutsidya la nyanja, nduna imene yachotsedwa ndi imene yalowa m'malo mwake. Anadzipangiranso lamulo lawo: nkhani ikapezeka m'pepala limodzi ndi mphekesera, ikapezeka m'mapepala angapo ndi choonadi. Mwana wanga atanena kuti makompyuta aja amatero, ndinachita ngati ndikuwamva bambo ake akulankhula.

Pang'ono ndi pang'ono amuna a m'mudzi anayamba kubwera pakhonde pathu Lamulungu tikaweruka ku Misa. "Aphunzitsi, zikuti bwanji nyuzi?" Iwo n'kukonza kukhosi. Ndisawanamizire, nthawi zambiri ankalondola. Ananena kuti ana ayamba kuphunzira ulere kupulayimale, zinachitika. Ananena kuti feteleza akwera mtengo, anakwera. Mpaka alongo anga, mwini mbumba, amene poyamba ankangowapatsa moni wapatali, anayamba kubwera n'kukhala pachitsa, chipewa chili pabondo. Ndinkasangalala kuwaona amuna anga atawongoka msana. Koma ndinkatopanso nazo. Denga likudontha, khola la mbuzi lagwa mbali imodzi, nkhuni ndikatola ndekha kumalire a nkhalango, mwini nyumba ali pampando akuwerenga za chisankho cha dziko lina.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo, nyengo yotentha, manyuzipepala anayamba kulemba za chilala chachikulu chimene chikubwera. Ankati madzi a m'nyanja ina yakutali atentha, ndipo zimenezo zithamangitsa mvula. Chinthucho chinali ndi dzina lachilendo limene lilime langa linakana. Ife chilala sitinkachimva m'nkhani chabe. Zaka zochepa m'mbuyomo tinabzala, chimanga n'kumera, dzuwa n'kuchiwotcha. Tinabzalanso, chimodzimodzi, mpaka mbewu inatithera m'manja. Choncho mawu akuti chilala ankatilowa m'mafupa.

Amuna anga anayamba kusonkhanitsa. Pepala ili lanena, ili lanenanso. Kumsika kunachokera zidutswa zina zokhala ndi zithunzi za ng'ombe zakufa ndi nthaka yong'ambika, n'kuziika pamwamba pa mulu. Lamulungu lina, khonde litadzaza, anaimirira monga ankachitira m'kalasi.

"Abale anga, mvula yoyamba chaka chino ndi yonyenga," anatero. "Igwa masiku ochepa n'kudula. Amene abzale nayo akwirira mbewu yake m'manda. Sungani mbewu mpaka tione. Izi si zanga, zalembedwa m'malo ambiri."

Amuna onse anagwedeza mitu. Wina anati Mulungu anatikonda potipatsa aphunzitsi pamudzi pano. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mbale, ndipo ndinakhulupirira ngati wina aliyense.

Mizere ndinali nditalima kale, munda wonse. Mbewu inalipo: chimanga cha makolo chimene ndinapachika kukhitchini kuti utsi uzichiteteza ku anankafumbwe, ndi kapaketi ka haibridi. Mvula inabwera madzulo ena ndi mabingu ake, inagwa mpaka nthaka inakhuta. M'mawa mwake njira zonse zinadzaza azimayi, makasu paphewa, timbale ta mbewu m'manja. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene amuna anga, ndi kuwerenga konse kuja, sanachiganizire. Amene ankagwedeza mitu pakhonde anali amuna, ambiri mwa iwo akamwini anzawo. Minda si yawo. Akazi awo anamva uthengawo, n'kunena kuti chabwino, n'kupita kukabzala. Munda umene unatsala wosabzala m'mudzi monse unali wanga.

Alongo anga anandipeza nditaima pamutu pa munda.

"Alongo, mizere yanuyi ikudikira chiyani?"

"Munamva nokha. Akuti kubwera chilala."

"Ndinamva. Mwina alamu akunena zoona, ine sindikudziwa. Koma china choti ndichite ndilibe, ndiye ndabzala. Chikapsa, chipse ndikuchiona." Analoza mizere ija. "Munda uwu anakusiyirani ndi amayi. Mkamwini salamula munda."

Ndinabwerera kunyumba, ndinatsitsa mbewu ija n'kuyamba kutong'ola. Amuna anga anatuluka ndi pepala m'manja, magalasi ali pamphuno.

"Amayi, mukuchita chiyani?"

"Anzathu onse abzala, abambo."

"Asiyeni. Muwaona akulira."

"Nanga ikapanda kudula?"

Anavula magalasi, anakhala pansi pafupi nane, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Polankhula mawu awo anali apansipansi. "Ndinaimirira pamaso pa anthu. Enawo akane, palibe kanthu. Koma mukabzala inu, mkazi wanga weniweni, adzandimverenso ndani pamudzi pano?"

Ufulu ndinali nawo wonse. Mwambo unali mbali yanga, alongo anga anali mbali yanga. Koma ndinawayang'ana munthu amene anakhala zaka ali chete pamudzi wa eni, n'kupeza kampando kake mochedwa chonchi, ndipo ndinakumbukanso chimanga chija chinapsa m'mizere. Mantha ndi chifundo zinagwirizana. Ndinathira mbewu m'thumba, ndinamanga, n'kuipachikanso.

Ndiye tinayamba kudikira chilala. Sindinatopepo ndi ntchito ina iliyonse monga ndinatopera ndi kudikira kumeneko. Mvula inkagwa masana, kenako mawawa, m'mawa nkhungu n'kutsika m'phiri kudzakhala pakhomo. Chimanga cha anzathu chinamera, mizere yonse biriwiri. Wathu unameranso, koma chisoso ndi udzu. Kukangowala dzuwa tsiku limodzi kapena awiri, amuna anga ankati, "Mwaona? Yayambapo." Tsiku lotsatira mvula n'kubwera yoposa ija.

Mwana wanga anandiuza kuti makompyuta aja alibe zenera. Chilichonse chimene amadziwa n'chimene wina analemba. Kunja kukhoza kugwa matalala, koma ngati palibe amene walemba, kwa iwo sikunagwe kanthu. Bambo ake zenera anali nalo, maso analinso nawo, koma ankatenga ambulera, kupinda buluku mpaka m'mawondo, n'kuyenda m'matope kupita kumsewu kukafuna nyuzipepala yoti iwauze ngati chilala chayamba. Ankabwera atanyowa, pepala lili louma mkati mwa jekete.

Kumjigo azimayi sankandisiya. "Amayi aphunzitsi, chilala chija chafika pati? Chadutsa pa Linthipe?" Wina n'kuti mwina chakwera basi yowonongeka. Ndinkaseka nawo, mano okha. Anthu anayamba kupalira, ine ndikungozungulira pakhomo ngati wodwala. Kutchalitchi ndinkagwada osadziwa chopempha. Ndipemphe mvula, ndiye kuti amuna anga ndi onama ndipo ine ndataya chaka. Ndipemphe chilala, ndiye kuti mudzi wonse ufe ndi njala. Ndinkangonena Atate Athu n'kudzuka.

Tsiku lililonse ndinkati, "Abambo, tibzale." Tsiku lililonse ankandiwerengera pepala lina. Munthu uja woti aziwauza kuti apa mwasokera ndinali ine, koma mawu anga sanali osindikizidwa.

Khirisimasi inadutsa. M'mawa wina nkhuni zonse zinali zonyowa, moto ukukana, utsi ukundiliza. Zinandikwana. Ndinalowa kuchipinda n'kutenga pepala la pamwamba pa mulu, lija la ng'ombe zakufa, ndikuti lero zivute zitani likolezera moto. Ndikulipinda, maso anagwera kuseri kwake. Ine kusukulu ya mishoni ndinapitako, Chingerezi chowerenga ndimachitha. Panalembedwa kuti anthu akuyembekezera kudzavota ngati akufuna chipani chimodzi kapena zambiri. Kudzavota! Ife tinali titavota kalekale, boma n'kusintha. Pepalalo linali la nthawi ya chilala chakale chija. Wogulitsa usipa anang'amba mbali ya pamwamba pamene pamakhala tsiku, ndipo ife tinakhala tikuopa chilala chimene tinachipirira kale.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kufwanthula muluwo. Zidutswa zina zinali za dziko lina, maina a malo ake osamveka n'komwe. Zotsalazo zinali zatsopano ndithu, koma zonse zinkanena mawu amodzimodzi, a munthu mmodzimodzi, zinangolandirana. Ndipo munthuyo sananene kuti mvula idula. Anati mwina.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde, n'kuwaponyera pepala lija pamiyendo.

"Werengani kuseriko."

Anawerenga nthawi yaitali. "Chabwino," anatero. "Ili tilichotse. Ndi lakale. Koma enawa..."

"Enawa ndi pakamwa pamodzi, abambo! Munthu mmodzi akalankhula, anthu n'kumabwereza, mwati achuluka mboni?"

"Komabe zinalembedwa."

Ndinakuwa tsiku limenelo mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Zimene ndinanena sindingazilembe pano. Ndinawakumbutsa za denga, za khola, za fungo la usipa, zaka zonse zimene ndinadyetsa munthu wokhala m'mapepala. Iwo pepala linali likadali m'manja. Kenako ndinatsitsa mbewu, ndinatenga khasu, n'kupita kumunda mvula ikugwa.

Patapita nthawi ndinamva khasu lina kumbuyo kwanga. Anali iwo. Mizere inali itaphwanyika ndi mvula, udzu wofika m'mawondo, ndiye tinayamba talambula, n'kuunganso mizere, kenako kubzala. Zinatitengera masiku ambiri. Manja awo anatuluka matuza n'kuphulika, koma sanasiye. Mbali zonse chimanga cha anzathu chinali chitatipitirira m'chiuno, ndipo odutsa m'njira ankatipatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso, umene umapweteka kuposa kuseka.

Kuno kumapiri chimanga chochedwa sichikhululuka. Nthaka inali itazizira ndi madzi. Chinamera chachikasu, choonda, mbewa ndi akhwangwala n'kutengapo gawo lawo, popeza munda wa mbewu yatsopano unali wathu wokha. Chinamasula chili chachifupi, chisanu n'kuchipeza chisanakhwime bwino. Pokolola sitinafune ngolo. Tinatuta ndi madengu, ine ndi iwo, ndipo nkhokwe imene zaka zina inkadzaza mpaka kudenga inangobisa pansi pake.

Anthu sanawanyoze pamaso. Anangochepa pakhonde. Lamulungu lina anabwera ochepa, lina mmodzi, kenako ankangodutsa n'kukweza dzanja. Kampando kamene ndinataya chaka pofuna kukateteza kanapita ndithu. Iwo kuwerenga sanasiye. Ankandichingamirabe ndikachokera kumsika, kungoti tsopano ankatenga mapepala mwakachetechete ngati akuba.

Mbatatesi ya kudimba inatikankha pang'ono. Koma nyengo yozizira isanathe n'komwe, ndinakwera m'nkhokwe m'mawa wina n'kupeza zitsononkho ndi manyi a makoswe. Anthu onse m'mudzi anali ndi chakudya. Njala inali ya nyumba imodzi, ndipo njala yotero ndi yamanyazi, chifukwa ulibe woti ulire naye.

Ndinatenga dengu n'kutsika kwa alongo anga. Njira yake ndi yaifupi koma imadutsa pakati pa mudzi, ndipo aliyense amadziwa tanthauzo la dengu lopanda kanthu pamutu pa mayi wamkulu nthawi imeneyo ya chaka. Alongo anga anali pabwalo akusema mpini. Anayang'ana dengu, sanafunse.

"Alamu ali bwanji?" anatero.

"Ali bwino. Akuwerenga."

Anaitana akazi awo. Alamu angawo ndi munthu wabwino, sananene mawu oti ndiwasungire. Anatenga dengu langa, analiunika kudzuwa, n'kunena kuti, "Alamu, ili ndi lobooka, chimanga chotong'ola chithera m'njira." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nyuzipepala imene anakulungiramo kaunjika wa ana, anaiyala pansi pa dengu ndi m'mbali, n'kuthira chimanga mpaka pakamwa. Anandisenzetsa. Ndinathokoza ndikuyang'ana pansi.

Pobwerera ndi chitunda. Khosi linkawawa ndi katundu, ndipo ndinalira pang'ono pamene njira imapinda kuseri kwa nsungwi. Ndinali wotopa ndi chaka chonsecho, wotopa ndi ulemu wa anthu, wotopa ndi munthu amene ndinkamukondabe.

Atandiona ndikubwera anadzuka msanga kudzanditula. Dengu linali lolemera, tinalitsitsa tonse awiri. Ndinayala mphasa n'kukhuthula chimanga. Iwo anagwada pambali panga, ndipo ndinaganiza kuti akufuna kundithandiza kusonkhanitsa chimene chamwazika, kapena kuti mwina lero anena kanthu. Anapisa dzanja m'dengu. Anamatula pepala lija pang'onopang'ono kuti lisang'ambike, anakutumula fumbi la chimanga, analiwongola pabondo, n'kuvala magalasi.

Ili linali lathunthu, tsiku lake likuoneka bwinobwino. Nkhope yawo inawala monga inkawalira nthawi zonse akapeza chinthu chatsopano.

"Amayi, tamvani izi," anatero. "Akuti mvula inagwa bwino m'madera ambiri, ndipo alimi akolola zochuluka. Chaka chino njala kulibe."

Mawu omalizawo anatuluka motsika, ndipo maso sanawachotse papepala. Ndinayembekezera kuti ndipsa mtima, koma mphamvu yake ndinalibe. Ndinatenga lichero n'kuyamba kupeta chimanga cha eni ake.